Nthambi ya M'chiuno

Bambo ananditenga kuti ndikawamasulire,
poti Chingerezi chawo n'cha zitsulo zokhazokha:
sipanala, valavu, mita,
zaka makumi atatu akukumba mapaipi a khonsolo
kuyambira Mbare mpaka Mabvuku.

Dokotala Mashava anatembenuza pepala la mankhwala
najambula kuseri kwake.
Uwu ndi mtsempha waukulu wotsika kuchokera kumtima.
Apa, kumunsi kwa impso, watupa
ngati chubu cha njinga chosuzumira pa tayala long'ambika.
Ukaphulika muli ku Mufakose, simufika kuno.

Sititumbula mimba, anatero.
Tilowera m'mphechepeche ndi waya,
tikankhe chubu cha nsalu chopindapinda,
tikachitambasule m'kati, magazi azidutsa m'menemo.

Ndinamasulira zonse. Bambo anagwedeza mutu.

Kenako bolopeni inatsikira pa mphanda.
Kutupaku kwafika mpaka kuno kumanja,
pomwe mtsempha wa mwendo umaphukira nthambi
yokhotera m'chiuno.
Chapafupi n'kuitseka nthambiyo.
Ambiri amakhala bwinobwino.
Ena matako amawotcha akayenda pang'ono,
ena matumbo amasowa magazi,
ena...
ndipo ananena chimene mwana wamkazi
sauza bambo ake.

Ndinati: akuti matako, akuti matumbo.
Chachitatu ndinameza.
Chinaima pakhosi ngati nthangala ya suku.

Bambo anapempha bolopeni.
Sanalembe kanthu, anangoloza nayo.
Chaka china ku Glen Norah, iwo anati,
kapitawo anatiuza titseke kapaipi kena
kuti yaikulu isiye kudontha.
Msewu unauma, bwana anatigwira chanza.
Lolemba lake kunabwera azimayi a nyumba zisanu ndi ziwiri,
zidebe pamutu, zopanda kanthu,
kudzaima pakhomo la ofesi.
Umuuze dokotalayu:
kapaipi kalikonse kali ndi khomo kumapeto kwake.

Anandiyang'ana, maso ofiira ndi dzimbiri la zaka.
Ndipo wadumphacho, Tisaiwale, ndachimva.
Amayi ako akadali moyo.

Ndinawerenga matayilosi a pansi.
Dokotala sanadikire kumasulira.
Anatenganso bolopeni yake
nawonjezera kamwendo pa chubu chija,
kakafupi, kokhota, koloza m'chiuno.
Chilipo chotere, anati, koma chichokera ku Joni,
ntchito italika, ndipo mtengo wake
anaulemba pakona, mwa manambala ang'onoang'ono.

Tinagulitsa makina owotcherera zitsulo.
Achimwene anatumiza za lendi miyezi inayi.
Azimayi a Chigwirizano anabweretsa envulopu
yonenepa ndi madola othaitha.

Tsiku lake ndinakhala pa benchi maola asanu,
jakaranda akuthothokera pa magalimoto a madokotala,
amayi akupinda ndi kupindula mpango umodzimodzi.
Dokotala anatuluka, chisoti chikadali kumutu,
natiwonetsa kanema pa foni:
inki yakuda ikutsika,
ifika pa mphanda, igawikana,
kenako kanthambi kaja, kochepa ngati chingwe cha nsapato,
kadzadza, kaphuka mizu yake yonse.
Amayi anati abwereze.
Anabwereza katatu.

Papita miyezi inayi.
Bambo amayenda mpaka kumashopu osaima,
kubwerako ndi nyuzipepala ndi nkhani za anthu.
Zipsera ziwiri zokha, ngati anadzicheka ndi lezala.
Chachitatu chija sindinafunse.
Sindidzafunsa.
Ndangoona kuti amayi anachotsa machira awo
pa sofa la pabalaza.

Mpopi wa pakhomo pathu wauma kuyambira Lachiwiri.
M'mawa uno ndawapeza atawerama pamenepo,
khutu pa chitsulo, kumvetsera.
Yaikulu ikuyenda, akutero, ndikuimva kumsewu.
Wina watitsekera nthambi.